KAPANGIDWE KA BOTI LALING'ONO LA PULAYIWUDI

Abale anga okhala m'mbali mwa nyanja ndi mwa mitsinje, mudziwa nonse kuti mitengo ya bwato iri kutha. Makolo anu pofuna bwato analowa m'nkhalango ya pafupi, nasankha mtengo wa mbawa, kapena mlombwa, kapena chonya, naugwetsa, nausema ndi kasemasema, ndipo bwato lotere linakhala zaka zambiri. Lero munthu ayenda masiku osaupeza mtengo wa msinkhu umenewo. Ndipo angakhale aupeze, mbawa ndi mlombwa iri m'gulu la mitengo yotetezedwa, imene lamulo la nkhalango la chaka cha 1997 liletsa kuidula wopanda chilolezo. Chifukwa chache ambiri asema mabwato a mitengo yofewa, yosachedwa kuola.

Komatu madzi sanaphwe chifukwa mitengo yatha. Msodzi afunabe kukaonjola nsomba m'matchera ache, mlimi afunabe kuolotsa mpunga ndi chimanga cha ku dimba la tsidya lija, ndi wodwala ayenera kufika ku chipatala. Tsono m'pepala lino ndikuonetsani njira yopangira boti laling'ono, la pansi pathyathyathya, ndi matabwa 3 okha a pulayiwudi. Mmisiri ali yense wodziwa kupanga chitseko ndi gome akhoza kulipanga pakhomo pache. Koma mugwiritse mau awa, pakuti ndiwo mutu wa zonse: madzi alowa m'pulayiwudi podzera m'mphepete modulidwa. Wotseka m'mphepete monse adzakhala ndi boti zaka zambiri; wosiya poyera ataya ndalama zache, kapena moyo womwe.

1. PULAYIWUDI NCHIANI?

Posema bwato, mbali yaikulu ya mtengo itayika pansi ngati zipalapala. Ku fakitale ya pulayiwudi, monga ija ya ku Chikangawa pa Viphya, achita mwina. Azungulitsa chipika pa mpeni wautali, ndipo mtengo usendeka wopyapyala, monga munthu afunyulula mkeka. Pamenepo asanjikiza timatabwa topyapyalato 3, kapena 5, kapena 7, napaka guluu pakati, natipanikiza ndi makina otentha. Mitsempha ya kathabwa kamodzi iloza m'litali, ya kanzache iloza m'mimba, chomwecho mosinthanasinthana. Ndicho chifukwa chache pulayiwudi sang'ambika monga thabwa wamba, ndipo angakhale ali wopyapyala apindika osathyoka.

Koma mphamvu yache iri pomwe pali chofooka chache. Mtengo umwa madzi ku mapeto a mitsempha yache, monga chingwe cha koloboyi chikoka parafini. Thabwa wamba liri ndi mapeto awiri okha. Koma popeza mitsempha ya pulayiwudi ipingasana, mbali zache zonse zinai ziri ndi mapeto a mitsempha. Pali ponse mwadula ndi sowo, ndi pali ponse mwaboola ndi msomali, mwatsegulira madzi khomo. Akalowa, timatabwa tija titupa, guluu wosalimba alekerera, ndipo kuola kuyamba m'kati, kumene diso siliona.

2. KUSANKHA NDI KUYESA

Pulayiwudi sali wa mtundu umodzi. Wambiri wa m'masitolo ngwa mipando ndi siling'i, ndi guluu wache asungunuka pa chinyezi. Wa maboti amtcha pulayiwudi wa marine, ndipo wabwino akhala ndi chizindikiro cha BS 1088. Akasowa ameneyo, funani wa panja wolembedwa WBP, ndiko kunena kuti guluu wache apirira mvula ndi madzi owira. Guluu wotere aoneka wakuda kapena wofiirira pakati pa timatabwa.

Musakhulupirire chizindikiro chokha. Yang'anani m'mphepete mwa thabwa: ngati muona timapanga pakati pa timatabwa, lisiyeni, chifukwa m'timapangamo ndimo mukhala madzi. Werengani timatabwa, thabwa la mamilimita 6 la timatabwa 5 liposa la timatabwa 3. Ndipo musanagule matabwa onse, pemphani kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi. Mukaphike m'madzi owira maora 3, mukaumitse padzuwa, nimuchite chomwecho masiku 3. Pamenepo yesani kulowetsa mpeni pakati pa timatabwa. Tikalekana, pulayiwudi ameneyo sayenera nchito ya m'madzi, angakhale mtengo wache uli wotsika.

3. ZOFUNIKA

Thabwa la pulayiwudi litalika masentimita 244, ndi m'mimba mwache masentimita 122. Mugule limodzi la mamilimita 6, la m'mbali mwa boti, ndi awiri a mamilimita 9, a pansi ndi kumbuyo.

Mufunanso timitengo tocheka, touma bwino ndi topanda mfundo: 4 totalika mamita 4, tochindikala masentimita 2 ndi 4, tokhala ngati mbariro za boti, 3 tina tofanana nato tokhoma kunsi, mtengo umodzi wolimba wa masentimita 5 ndi 7 wa kumutu, matabwa a chimango, ndi matabwa 3 a mipando.

Misomali ikhale ya kopa, kapena yoviikidwa m'nthovu ya zinki, kapena masikuluwu a chitsulo chosachita dzimbiri. Misomali wamba ichita dzimbiri, niolesa mtengo pozungulira pache. Guluu woyera wa akalipentala sayenera konse. Woposa onse ndi epokisi, amene agulidwa m'zitini ziwiri zosakaniza. Mufunanso nsalu ya galasi, imene ena aitcha faibagalasi, yodula m'timizere ta masentimita 10, ndi penti wa mafuta. Zipangizo ndi zomwe mmisiri ali nazo kale: sowo ya mano ang'onoang'ono, puleni, hamala, sikweya, tepi, sandipepa, zopanira ndi chingwe. Gwirani nchito pamthunzi, pansi posalala.

4. KUDULA MBALI ZIWIRI

Tengani thabwa la mamilimita 6, nimulicheke m'litali kuti mutuluke zidutswa 3, chiri chonse cha masentimita 40 m'mimba. Chachitatucho muchidule pakati. Tsono lumikizani chachitali chimodzi ndi chachifupi chimodzi, ndipo mwapeza mbali ya boti yotalika masentimita 366. Muchite chomwecho ndi zinzache. Taonani, thabwa limodzi lakwanira mbali zonse ziwiri, osataya kanthu.

Polumikiza, gundanitsani mapeto pansi posalala, mutayala pepala la pulasitiki kunsi, nimumate pamwamba chigamba cha pulayiwudi cha masentimita 15 m'mimba. Muchitsendereze ndi njerwa usiku wonse. Chigamba chikhale m'kati mwa boti, ndi chidutswa chachifupi chikhale cha kumbuyo. Samalani kuti mbali ziwirizo ziyang'anane monga dzanja lamanja ndi lamanzere, mungapange ziwiri za mbali imodzi.

Kumutu, yesani masentimita 15 pa mzere wa m'munsi, nimudule mopendeka kuchokera pa ngondya ya pamwamba kufikira pamenepo. Musanjikize mbali ziwirizo ndi kuzipala pamodzi, kuti zilingane ndithu. Pakuti zikasiyana ngakhale chala chimodzi, boti lidzakhota, ndipo lidzakulemetsani popalasa masiku ache onse.

5. KUPINDA BOTI

Pangani chimango cha pakati ndi matabwa: pansi masentimita 95, pamwamba 120, msinkhu 38, ndi m'ngondya mwache mulimbitse ndi zigamba za pulayiwudi. Thabwa la kumbuyo mulidule pa pulayiwudi wa mamilimita 9, zidutswa ziwiri zomata pamodzi: pansi masentimita 60, pamwamba 85, msinkhu 38, ndipo mulizungulize ndi timitengo tolandira misomali. Mtengo wa kumutu muupale mbali ziwiri, ukhale wosongoka kutsogolo ngati mphuno ya khasu.

Boti limangidwa chadodolido. Yambani kukhomera mbali zonse ziwiri pa mtengo wa kumutu. Ikani chimango pa masentimita 200 kuchokera kumutu. Pamenepo mangani chingwe ku mapeto a kumbuyo, nimuchipote ndi kamtengo pang'onopang'ono, kufikira mbali zitakhudza thabwa la kumbuyo. Mudzaona chodabwitsa: matabwa amene anali oongoka akwera okha kumutu ndi kumbuyo, chifukwa cha kupendeka kwa chimango, ndipo maonekedwe a boti aoneka.

Poyamba mumange zonse ndi misomali yowerengeka, wopanda guluu. Kokani chingwe kuchokera pakati pa mutu kufikira pakati pa thabwa la kumbuyo. Chiyenera kupita pakati penipeni pa chimango. Yesaninso kuchokera kumutu kufikira ngondya ziwiri za kumbuyo, miyeso ilingane. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zikalingana, masulani pamodzi pamodzi, pakani guluu, nimukhome kolimba.

6. MBARIRO NDI PANSI

Khomani mbariro imodzi kunja kwa mbali iri yonse, motsata mzere wa m'munsi, ndi guluu, misomali ichokere m'kati. Chitani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, kuti ina ingakoke inzache. Guluu atauma, goneka thabwa loongoka mopingasa boti, nimupale mbariro kufikira thabwalo likhala bwino pa zonse ziwiri, popanda mpata wopita kuunika.

Yalani thabwa lathunthu la mamilimita 9 kuyambira kumbuyo, ndi chidutswa china kumutu kumene boti lichepa, kuti polumikiza pakhale pafupi, ndiponso pasalingane ndi polumikiza pa m'mbali. Lembani ndi pensulo kunsi, nimudule mosiyako sentimita imodzi. Pakani guluu, khomani kuyambira pakati kunka ku mapeto, msomali uli wonse masentimita 8 kuchokera pa unzache, ndipo polumikiza mumate chigamba m'kati. Chotsala m'mbali muchipale.

Kunsi mudzakhoma timitengo 3 m'litali mwa boti, kuti mchenga ndi miyala zidye ito, zisadye pulayiwudi. Ka pakati kakhale kokulirapo kumbuyo, kuti boti liyende moongoka. Koma timeneti mutikhome mutatha nchito ya mutu wotsatawu. Mutatembenuza boti, khomani mbariro za pamwamba, ndi zigamba za ngondya zitatu kumutu ndi m'ngondya za kumbuyo. Mipando ikhale masentimita 18 kunsi kwa mlomo wa boti. Mpando suli pokhala pokha. Ndiwo mtanda wogwira mbali ziwiri kuti zisaphwasuke, chifukwa chache muukhome kolimba.

7. KUTSEKA M'MPHEPETE

Apa ndipo pagona moyo wa boti, ndipo apa ndipo amisiri ambiri afulumira, poona kuti boti laoneka ngati latha.

Sakanizani epokisi monga mwa muyeso wolembedwa pa chitini, osaonjeza kapena kuchepetsa, chifukwa wosakaniza molakwa sauma konse. Sakanizani pang'ono pokha, theka la kapu, pakuti pa kutentha kwa ku nyanja auma msanga, ndipo wambiri m'chitini chimodzi atentha yekha naonongeka. Nthawi yabwino ndi madzulo dzuwa litapendeka. Valani magolovesi kapena timatumba ta pulasitiki m'manja, chifukwa epokisi akakhudza khungu kawirikawiri abala zidzolo. Ndipo popala ndi sandipepa mumange kansalu pamphuno.

Pomata, yambani kupaka epokisi wamadzimadzi pa mitengo yonse iwiri kuti imwe. Pambuyo pache sakanizani wina ndi fumbi losefa la matabwa, alimbe ngati chiponde, nimupake pakati. Mukadumpha kupaka koyamba, mtengo umwa guluu wa polumikiza, ndipo patsala pouma.

Tsono yendani mozungulira boti lonse ndi bulashi, kufunafuna pali ponse paoneka mizere ya timatabwa: m'mphepete mwa pansi, pamlomo pa mbali, pozungulira thabwa la kumbuyo, m'zigamba, ndi kumutu. Pakani, dikirani amwe, pakaninso, kufikira pataleka kumwa ndi kuyamba kunyezimira. Kawirikawiri pafunika katatu. Mitu ya misomali muilowetse pang'ono ndi kuitseka ndi epokisi wolimba uja. Mukaboola bowo la chingwe, mulipakenso m'kati mwache.

Ngondya ya kunsi, pokomana pansi ndi mbariro, ndiyo ilandira nkhonya zonse za pa gombe. Muipale ikhale yobulungira ngati pensulo, chifukwa nsalu ya galasi sigwira pa ngondya yakuthwa. Yalani mzere wa nsaluyo pa epokisi wamuwisi, nimuunyowetse kufikira kuyera kwache kutatha ndi mtengo uoneka kunsi kwache. Pamene patsala poyera pali mpweya, ndipo pamenepo padzalowa madzi. M'kati mwa boti, m'ngondya monse, dzazani epokisi wolimba ndi kusalaza ndi nsonga ya supuni, kuti madzi asapeze pobisala.

Epokisi aonongeka ndi dzuwa, tsono ayenera kuphimbidwa. Atauma, tsukani ndi madzi, palani ndi sandipepa, nimupake penti woyamba kamodzi ndi penti wa mafuta katatu, kunja ndi m'kati momwe. Penti woyera kapena wowala aposa wakuda, popeza satenthetsa mtengo. Boti likhale pamthunzi sabata lathunthu lisanalowe m'madzi.

Ngati epokisi sapezeka kwanu, ikani kansalu ka thonje koviika m'penti wolimba pali ponse pokomana mitengo, khomani misomali pa masentimita 5, mwetsani m'mphepete penti wosungunula kufikira pakhuta, nimuphimbe ndi kamtengo. Boti lotere ligwira nchito, koma masiku ache achepa, ndipo lifuna kuyang'aniridwa mwezi ndi mwezi.

8. KATUNDU WACHE

Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, ndipo boti limira kufikira litakankha madzi olemera monga ilo ndi katundu wache. Boti iri lilemera pafupifupi makilogalamu 60. Mukakweramo akulu awiri ndi thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, lilowa m'madzi pafupifupi masentimita 15, ndipo patsala masentimita oposa 20 pamwamba pa madzi. Malire ache ndi amenewo: anthu ndi katundu pamodzi asapitirire makilogalamu 200. Lembani mzere wa penti wofiira kunja, masentimita 20 kunsi kwa mlomo pakati pa boti. Mzerewo ukabisika, wina atsike, angakhale ali mbale wanu. Katundu wolemera akhale pansi ndi pakati, ndipo munthu asaimirire.

Boti la mtengo likadzala madzi silimira msanga, koma silingathe kunyamula anthu. Chifukwa chache mangani zigubu 4 zopanda kanthu za malita 20, zotseka bwino, ziwiri kunsi kwa mpando wa kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo. Chigubu chiri chonse chinyamula makilogalamu 20, ndipo zonse pamodzi 80. Muzimange ndi chingwe cholimba, kuti zingathawe pa nthawi ya tsoka. Chokapira madzi nachonso chikhale chomangirira, ndi wokwera ali yense avale jekete loyandamitsa, makamaka ana.

Tsiku loyamba liyeseni pa madzi a m'chiuno, pamalo popanda ng'ona ndi mvuu. Yang'anani podontha. Pamenepo mulidzaze madzi dala, kuti muphunzire kulikapa ndi kukweramo. Boti likagubuduzika kutali ndi gombe, gwiritsani boti. Musalisiye ndi kuyamba kusambira, pakuti mtunda uoneka pafupi usali pafupi.

9. KUMENE LIYENERA KUYENDA

Pansi pathyathyathya pathandiza pa madzi osaya ndi odekha: m'madambo, m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono, m'mabango a ku Chilwa ndi Chiuta, pa Chia, ndi m'mbali mwa Malombe. Kumeneko boti lotere lipita pamene lina likakamira, ndipo lipalasika ndi nkhafi kapena kukankhidwa ndi mponda. Koma pa mafunde akulu limenyeka pansi, ndipo funde likalipeza cham'mbali likhoza kuligubuduza.

Nyanja ya Malawi si thamanda. Kuya kwache kufika mamita 700 kumpoto, ndipo mwera, umene uomba kolimba kuyambira May kufikira August, uutsa mafunde oposa msinkhu wa munthu. Pa 30 July 1946 sitima ya chitsulo yotchedwa Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anafa. Ngati nyanja inagonjetsa sitima, nanga boti la mamilimita 6? Pa nyanja yaikulu liyende m'mbali mokha, m'mamawa kuli bata; lisapite ku chilimira usiku, lisaoloke kunka ku zilumba, ndipo musalimangire injini yaikulu. Wofuna boti la pakati pa nyanja apite kwa amisiri ophunzira nchitoyo, monga a ku Mpwepwe m'boma la Mangochi. Ndipo musanayambe kusodza kapena kuolotsa anthu molipiritsa, funsani kwa alangizi a za usodzi za chilolezo ndi kalembera. Safunsa anadya phula.

10. KUSUNGA BOTI

Maboti ambiri aola pamtunda, osati m'madzi, chifukwa cha madzi a mvula ogonera m'kati. Mukabwera ku ulendo, likapeni liume, chotsani mchenga ndi mamba a nsomba, nimulinyamule anthu awiri, osalikoka pa miyala. Mulivundikire chadodolido pa mitanda iwiri pamthunzi, lisakhudze dothi chifukwa cha chiswe, ndi mphepo ipite kunsi kwache.

Sabata liri lonse pitirizani chala m'mphepete monse. Mukapeza pokalika, musadikire. Umitsani pamenepo masiku awiri, palani, tsekani, pakani penti. Mukapeza pofewa, dulani kufikira mtengo wabwino, nimumate chigamba. Timitengo ta kunsi tikatha, khomani tina, pakuti kamtengo nkotsika mtengo koposa thabwa la pansi. Chaka chiri chonse, mvula isanayambe, pakani penti boti lonse.

Potsiriza, abale anga, kumbukirani kuti pulayiwudi nayenso achokera ku mtengo. Pa nyengo ya dzinja likudzali, bzalani mbande za mbawa m'mbali mwa mtsinje wa kwanu, nimuziteteze ku mbuzi ndi ku moto wa tchire. Inu mudzayenda m'boti la pulayiwudi, koma adzukulu anu adzapeza matabwa a mbawa.